Boma likati fracking iyambe yaima, amagwira njakata ndani?

Bambo wina wa ku Mabvuku, mumzinda wa Harare kuno ku Zimbabwe, walemba kuti: "Ndinapuma pantchito ndipo ndili ndi kandalama ka penshoni. Mwana wa achemwali anga akundikakamiza kuti ndigule masheya a kampani imene ikufufuza gasi ku Muzarabani, kumpoto kwa dziko lino. Koma mwana wanga wamkazi, yemwe ndi namwino ku Preston ku England, akuti ndisayerekeze, chifukwa kumeneko boma linaimitsa zimene akuti fracking ndipo makampani anagwa. Kodi fracking n'chiyani? Boma likaimitsa, makampaniwo zimawathera bwanji? Nanga kuno zingachitikenso?"

Bambo, mwana wanuyo akunena zimene zinachitika pakhomo pake penipeni. Zitsime ziwiri zimene zinachititsa kuti boma la Britain liimitse fracking zili m'mbali mwa msewu wochoka ku Preston kupita ku Blackpool. Tifikako kumeneko, koma ndiloleni ndiyambe ndi mwala, poti ntchito yanga ndi ya miyala ndipo funso lanu lagona pamenepo.

Tengani njerwa yootcha muithire madzi, muona kuti ikumwa. Mwala wa mchenga uli choncho. Gasi ndi mafuta zimakhala m'timipata ta pakati pa timchenga, ndipo ukangoboola zimayenda zokha kubwera kuchitsime. Kenako tengani sileti, ija ankalembapo ana asukulu kale, muithirenso madzi. Amangotsetsereka. Mwala wotchedwa shale ndi mbale wake wa sileti. Unali matope a pansi pa nyanja zakalekale, ndipo gasi alimo ndithu koma anatsekeredwa, alibe potulukira. Kuti atuluke, amaboola pansi makilomita awiri kapena atatu, kenako n'kukhotetsa chitsulo kuti chiziyenda chopingasa m'kati mwa mwalawo, ndiyeno n'kupopera madzi mwamphamvu zedi mpaka mwala ung'ambike. M'madzimo amasakanizamo mchenga ndi mankhwala pang'ono. Mchengawo umalowa m'ming'alu n'kuigwira kuti isatsekekenso, monga mmene mumaikira mwala pachitseko kuti mphepo isachimenyetse. Imeneyo ndiyo fracking.

Chitsime chimodzi chimamwa malita 10 miliyoni, 20 miliyoni, nthawi zina kuposa. Inu a ku Mabvuku, kumene mipopi inauma kalekale ndipo amayi amalawirira mbandakucha kukandanda zigubu pamjigo, sindikufunika kukufotokozerani chifukwa chake anthu amadzidzimuka akamva chiwerengero chimenechi. Ena mwa madziwo amabwerera kumtunda ali amchere, osamweka ngakhale ndi ng'ombe, ndipo akatayikira kumene anthu amatunga, madzi akatayika saoleka.

Njirayi si yatsopano. Anaiyesa koyamba ku Kansas mu 1947. Koma inatchuka kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, kampani ya George Mitchell itapeza kachitidwe kotsika mtengo kong'ambira mwala wa Barnett ku Texas. Ataiphatikiza ndi kuboola chopingasa, America inasefukira gasi ndi mafuta. Makampani ataona zimenezo anathamangira ku Ulaya, ku Canada, ku Australia ndi ku South Africa kukagwira malo, ambiri pakati pa 2008 ndi 2011. Anthu a m'maderamo anayamba kufunsa za madzi awo, ndipo andale anayenera kuyankha.

Apa pali mawu awiri amene anthu amawasokoneza, kuletsa ndi kuimitsa. France inaletsa. Mu Julayi 2011 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo, mu Okutobala boma linalanda ziphaso zitatu, ziwiri za Schuepbach Energy ya ku Texas ndi chimodzi cha Total, ndipo mu 2013 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linati lamulolo lili bwino. Zinawawa, koma aliyense anadziwa poima. Kuimitsa ndi kwina. Boma limati "yambani mwadikira, tikufufuza kaye," osanena kuti mpaka liti. Pongomva, kuimitsa kumaoneka kwachifundo kusiyana ndi kuletsa. Ine ndimati kwa kampani yaing'ono ndiko kumapha mozunza, ndipo chifukwa chake n'chakuti kampani yofufuza siigulitsa kanthu.

Mfundo imeneyi muigwiritsitse, chifukwa ikukhudza ndalama zanu. Kampani yofufuza ilibe mafuta ogulitsa. Chuma chake ndi chiphaso cha boma, mamapu a pansi pa nthaka, ndi chiyembekezo. Chakudya chake ndi ndalama za anthu ngati inu. Ndalama zikachepa, imasindikiza masheya ena n'kugulitsa, ndipo anthu amagula malinga ngati pali chitsime chimene chikubooledwa posachedwa. Chiphasocho chilinso ndi zaka zake, komanso ntchito zimene kampani inalonjeza kugwira m'zaka zimenezo. Zili ngati munthu amene wabwereka munda kwa zaka zisanu, watenga feteleza pangongole, walemba aganyu, kenako amfumu n'kunena kuti asadzale kaye mpaka nkhani ya malire ikambidwe. Mwini munda akufuna lendi yake, wangongole akubwera pakhomo, mvula ikugwa n'kumapita.

Ndinaziona ndekha zimenezi, ngakhale sizinali za gasi. Ndili wachinyamata ndinagwira ntchito pa kampani ina yaing'ono yofufuza miyala kutchire, ndipo chikalata chathu chinakakamira ku ofesi ina. Anatiuza kuti ndi nkhani ya milungu iwiri. Makina oboolera tinachita kubwereka, ndipo mwini wake amalipiritsa tsiku lililonse, kaya aboola kaya angokhala. Mwezi wachitatu anachotsa wophika, ife n'kumasinthana pamoto. Mwezi wachisanu udzu unamera pakati pa mapaipi amene tinaunjika pambali pa msasa, ndipo chiswe chinadya mabokosi a matabwa osungiramo miyala imene tinaitulutsa pansi, moti manambala osonyeza kuya kwake anasokonekera. Ntchito ya chaka chathunthu inasanduka mulu wa miyala wamba. Palibe amene anatiletsa. Chikalata chinadzatuluka, koma chinapeza kampani itatha kale.

Ku New York zinachitika chimodzimodzi koma pamlingo waukulu. Mwala wa Marcellus unadutsa pansi pa zigawo za New York ndi Pennsylvania mosasamala malire. Ku Pennsylvania anaboola zitsime masauzande. Ku New York boma linasiya kupereka zilolezo mu 2008 ponena kuti likuunika kaye, ndipo kuunikako kunatenga zaka zisanu ndi chimodzi, mpaka boma la bwanamkubwa Andrew Cuomo linalengeza mu Disembala 2014 kuti laletseratu. Kampani ya Norse Energy, ya eni ake a ku Norway, inali itagwira malo okwana maekala pafupifupi 130,000 kumeneko. Siinakhale ndi moyo mpaka kumva chigamulocho. Inapita kukhoti kukadzinena kuti yalephera kubweza ngongole mu Disembala 2012, ndipo chaka chotsatira inatsekedwa. Makampani ena anayesa nzeru ina. Ku America alimi ndiwo amabwereketsa ufulu wa zapansi pa minda yawo, kawirikawiri kwa zaka zisanu. Makampaniwo anati popeza boma ndilo latimanga manja, zakazo zisawerengedwe. Alimi anakana, ndipo mu 2015 khoti lalikulu la New York, pa mlandu wa Inflection Energy, linagamula kuti nthawi inali ikuyenda ndithu ndipo mapanganowo anatha.

Tsopano tibwerere kwa mwana wanu. Kampani ya Cuadrilla inang'amba mwala koyamba pa Preese Hall mu 2011, ndipo panachitika zivomezi ziwiri zazing'ono, chachikulu chinali cha mlingo wa 2.3. Boma linaimitsa ntchito mpaka Disembala 2012, kenako linailola ndi lamulo lokhwima loti chivomezi chikangofika 0.5, chomwe munthu sachimva n'komwe, ntchito iime. Khonsolo ya Lancashire, dera limene muli Preston, inakana malo atsopano a Preston New Road mu 2015, boma la ku London linasintha chigamulocho mu 2016, ndipo ntchito yong'amba mwala inayamba mu Okutobala 2018, anthu akuchita zionetsero pageti tsiku ndi tsiku. Inkangoima-ima chifukwa cha lamulo lija. Pa 26 Ogasiti 2019 kunachitika chivomezi cha 2.9 chimene chinagwedeza nyumba za anthu, ndipo pa 2 Novembala boma linaimitsa fracking ku England konse, kutatsala milungu yochepa kuti chisankho chichitike. Mu Sepitembala 2022, gasi atakwera mtengo chifukwa cha nkhondo ya ku Ukraine, nduna yaikulu Liz Truss anachotsa chiletsocho, ndipo masheya a makampani ngati IGas anafufuma ngati thovu. Patangotha milungu isanu Rishi Sunak, amene analowa m'malo mwake, anachibwezeretsa, masheya aja n'kugwa tsiku lomwelo. Amene anagula pakati pa masiku amenewo anagula mphepo. IGas inasintha dzina mu 2023 kukhala Star Energy n'kuyamba kuyang'ana za kutentha kwa pansi pa nthaka. Cuadrilla inatha zaka zoposa khumi osagulitsa gasi wa fracking, ndipo pomaliza inalamulidwa kutseka zitsime zake ndi simenti, pa ndalama zake.

Makampani akuluakulu nawo amakhudzidwa, koma iwo amangonyamula chikwama. Onani kwa anansi athu a ku South Africa. Shell inapempha malo okwana masikweya kilomita pafupifupi 90,000 ku Karoo, dera louma la alimi a nkhosa odalira madzi a pansi. Alimi ndi gulu la Treasure Karoo Action Group, lotsogozedwa ndi Jonathan Deal, anakana kwamtuwagalu. Boma la South Africa linaimitsa mu Epulo 2011, linamasula mu Sepitembala 2012, linatulutsa malamulo ake mu 2015, ndipo makhoti anawataya mu 2017 ndi mu 2019 chifukwa anawalemba ndi nduna ya migodi pamene mphamvu yake inali ya nduna ya zachilengedwe. Zaka zoposa khumi zinadutsa popanda chitsime cha fracking ngakhale chimodzi. Shell siinafe ndi njala, poti ili ndi zitsime m'maiko ambirimbiri, ndipo ndalama zake inakaziika kwina. Amene anauma pakhosi ndi makampani ang'onoang'ono amene anali pamzere womwewo ndi amene anagula masheya awo.

Mwina mukuganiza kuti boma likakulakwira chotere umakasuma n'kulandira chipukuta misozi. Amasuma ndithu, koma amene amabwerako ndi kanthu ndi owerengeka. Lone Pine Resources inasumira Canada ndalama zokwana madola 250 miliyoni chigawo cha Quebec chitalanda chilolezo chake cha pansi pa mtsinje wa St Lawrence mu 2011. Mlanduwo unatha mu 2022 ndipo kampaniyo inaluza. Ineos inasumira boma la Scotland, n'kuluzanso mu 2018. Amene ndimamukumbukira kuti anatolako ndi Metgasco ya ku Australia. Boma la New South Wales linaimitsa chilolezo chake mu 2014 anthu atatseka njira pa Bentley, khoti linati kuimitsako kunali kosatsata lamulo, ndipo mu 2015 boma linagula ziphaso zake pa madola a ku Australia 25 miliyoni. Quebec nayo italetseratu kufufuza gasi ndi mafuta mu 2022, inavomera kubweza zina mwa ndalama zimene makampani anawononga, koma osati phindu limene ankalota. Oweruza ambiri amaona kuti boma lili ndi ufulu woteteza madzi ndi anthu ake, ndipo chiphaso chofufuzira si lonjezo loti udzakolola.

Musandimve ngati ndikulirira makampaniwa. Boma limene laona nyumba za anthu zikugwedezeka kapena alimi akuopa za zitsime zawo likuchita bwino kuima n'kufunsa. Chimene chimandinyansa ndi kuimitsa kopanda tsiku, kumene andale amakukonda chifukwa sakhumudwitsa mbali iliyonse kufikira chisankho chidutse. Chigawo cha Northern Territory ku Australia chinaonetsa kuti zimatheka kuchita mwadongosolo. Chinaimitsa mu Sepitembala 2016, chinapatsa woweruza Rachel Pepper ntchito yofufuza, iye anabweretsa mfundo 135, ndipo mu Epulo 2018 boma linazivomera zonse n'kumasula. Ambiri sanasangalale ndi chigamulocho, mpaka lero akutsutsa, koma panali poyambira ndi pothera, ndipo makampani ofufuza gasi m'dera la Beetaloo m'chigawocho anapulumuka.

Ndiwonjezere chinthu chimodzi chimene ogulitsa masheya sakonda kutchula. Kampani ikagwa pansi pa chiletso, imakhala ndi wina womuloza chala, ndipo gasi amene sanabooledwe amakhala wochuluka zedi papepala. Poland siinaimitse kalikonse. Boma lake linayala mphasa, makampani akuluakulu ambiri anabwera, anaboola zitsime pafupifupi 70, ndipo mwala unakana. ExxonMobil inachoka mu 2012, Chevron ndi ConocoPhillips mu 2015. Ku Karoo, bungwe la boma la America loona za mphamvu linayerekeza mu 2011 kuti kuli gasi wokwana ma cubic feet 485 thililiyoni. Mu 2017 ofufuza a ku yunivesite ya Johannesburg atayeza miyala yeniyeni anapeza kuti chiwerengero chodalirika chili cha m'ma 13 thililiyoni okha. Ndiye ena mwa makampani amene akuti anaphedwa ndi boma akanafa ndithu ndi mwala.

Tsopano za ku Muzarabani. Dera limenelo, chigwa cha Zambezi chakumunsi kwa mapiri a Mavuradonha, linayezedwa ndi Mobil kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Iwo anachoka osaboola, poti ankafuna mafuta ndipo anaona kuti kungapezeke gasi. Invictus Energy ya ku Australia inatenga mamapu amenewo, inaboola Mukuyu-1 kuyambira mu Sepitembala 2022, ndipo mu Disembala 2023 inalengeza kuti yapeza gasi pa Mukuyu-2, chitsime chakuya kupitirira makilomita atatu. Gasi ameneyo ali mu mwala wa mchenga wotchedwa Angwa. Ndi njerwa ija, osati sileti. Choncho ntchito imeneyi si ya mtundu umene anauimitsa ku Lancashire kapena ku Karoo, ndipo pamenepa mwana wa achemwali anu akhoza kupuma. Ndingochenjeza kuti padziko lonse mwala wa mchenga ukakhala wothinana kwambiri nawonso amaung'amba kuti gasi ayende bwino, ndiye mukamawerenga malipoti muziyang'ana zotsatira za kuyeza mmene gasi akutulukira pachitsime, osati kungomva kuti wapezeka. Kupeza gasi ndi kwina, kumutulutsa mokwanira kulipira paipi kapena malo opangira magetsi ndi kwinanso, ndipo pakati pakepo pamadutsa zaka. Dzina la Mukuyu ndi mkuyu wathu womwewu, ndipo mukudziwa zimene akuluakulu ananena za chikomekome chake. Sindikuti muli nyerere ayi. Ndikungoti nkhuyu amayamba aibanda asanaiike m'kamwa.

Chimene chiyenera kukudetsani nkhawa si dzina loti fracking koma mawu aja oti "yambani mwadikira," chifukwa maboma athu amawanena pa zifukwa zinanso. Kuno mu Sepitembala 2020 boma linaletsa migodi m'malo osungira nyama zakutchire anthu atadandaula za ofufuza malasha ku Hwange, ndipo mu Disembala 2022 linaletsa kutumiza kunja miyala ya lithium yosayenga. Zigamulo ziwirizi zinali ndi zifukwa zomveka, koma amene anali ataika kale ndalama anadzuka m'mawa malamulo atasintha. Kumudzi nakonso muli nacho chitsanzo. Malawi inapatsa Surestream Petroleum ziphaso zofufuza mafuta kumpoto kwa nyanja mu 2011, mkangano wa malire ndi Tanzania unabuka mu 2012, ndipo mu 2014 boma la Peter Mutharika linaimitsa ziphaso zonse kuti liunike mmene zinaperekedwera. Fracking panalibe pamenepo, koma mpaka lero palibe chitsime cha mafuta chimene chabooledwa panyanjapo. Ku Muzarabani kulinso anthu, minda ya thonje, ziweto ndi madzi a Zambezi, ndipo ntchito ikamakula ma EIA, malipoti ounika mmene ntchito ingakhudzire chilengedwe, amene bungwe la boma loona za chilengedwe la EMA limafuna, adzafunsidwa mafunso ambiri kuposa a chitsime chimodzi chofufuzira.

Mwandifunsa ngati katswiri, koma ndikuyankhani ngati mwana wa pakhomo panu. Ndalama ya penshoni, imene muzigulira mankhwala ndi ufa, siikhala pa kampani yofufuza, kaya ndi ya gasi, ya golide kapena ya lithium, kaya ili ndi akatswiri abwino chotani. Ngati mtima ukufunitsitsa kuti mukhale nawo pa gasi woyamba wa dziko lino, ikanipo kagawo kamene kakatayika simungagone ndi njala, ndipo mukaiwale kwa zaka zingapo. Masheyawa amagulidwa pa msika wa Victoria Falls pa madola a ku America, ndipo pa msika waung'ono kugula n'kosavuta koma wogula amasowa tsiku limene aliyense akufuna kugulitsa. Dziwaninso kuti nthawi iliyonse kampani ikasindikiza masheya atsopano, gawo lanu limachepa ngakhale chiwerengero cha masheya anu chisasinthe.

Mwana wa achemwali anuyo musamukalipire, koma mumutume ntchito. Makampani ofufuza amene ali pa msika wa masheya wa ku Australia amakakamizidwa kutulutsa lipoti miyezi itatu iliyonse, ndipo limapezeka pa intaneti kwaulere. Chakumapeto kwake kuli mzere wonena ndalama zimene zatsala kubanki, ndi wina wonena kuti pa kagwiritsidwe kamakono ndalamazo zikwana magawo angati a chaka. Akasindikize masamba amenewo. Afufuzenso chaka chimene chiphaso chikuthera, komanso ngati pangano la kampani ndi boma likunenapo za chimene chidzachitike malamulo akasintha kapena ntchito ikaimitsidwa. Akabwera nazo, mukhale pansi awiri ndi pensulo, muyerekeze kuti mawa nduna yanena kuti ntchito iime kwa miyezi 18, kenako muwerenge kuti ndalama zili kubankizo zifika mwezi wachingati.